THANDIZO LA MAIKO AKUNJA: KODI SIKELO ILI M'MANJA MWA NDANI?

Palibe mlimi amene amalola wogula cimanga kutenga thumba, kulowa nalo yekha kuseri kwa sitolo ndi kubwerako n'kunena kuti lalemera makilo akuti. Mlimi amaima pomwepo, maso ali pa sikelo, cifukwa adziwa kuti amene wagwira sikelo ndiye wagwiranso mtengo. Koma pa nchito za citukuko zimene zimabwera ndi ndalama za maiko akunja, ife a ku Kafue, monganso anzathu m'maboma ena, takhala tikulola zimenezi kwa zaka zambiri. Amene wabweretsa nchito ndiye amaiyeza, ndiye amalemba lipoti, ndipo lipotilo limapita kwa amene anapereka ndalama. Ife timaona cikwangwani pamseu ndi alendo odula riboni, kenaka timamva pa wailesi kuti anthu zikwi zakuti apindula, ndipo akuti ifenso tili m'gulu la opindulawo.

Nkhaniyi yafika pofunika kuikambirana tsopano cifukwa thandizo likucepa. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa mbali yaikulu ya thandizo lake kumaiko akunja, ndipo pofika Julayi caka comweco bungwe la USAID, limene linagwira nchito m'Zambia kwa zaka zambiri, linatsekedwa. Dziko la Britain nalonso linalengeza mu 2025 kuti licepetsa thandizo lake. Pamene ndalama zinali zambiri, nchito yolephera inkabisala pakati pa zinzake. Lero ndalama zocepa zimene zatsala, pamodzi ndi misonkho yathu, ziyenera kupita kumene kuli phindu lenileni, ndipo phindulo silingadziwike ngati muyeso wake uli wokhota.

Madzi a mu Kafue, ziwerengero za ku Lusaka

Citsanzo cabwino cili pakhomo pathu pomwe. M'mbali mwa mtsinje wa Kafue muli malo oyeretsera madzi a Iolanda, amene anamangidwa ca m'ma 1970 kuti azitumiza madzi ku Lusaka kudzera m'paipi yaikulu ya makilomita pafupifupi 50. Anawamanga kuti azitulutsa malita 110 miliyoni pa tsiku, koma makina atakalamba madzi anayamba kuperewera. Mu Meyi 2012 boma la Zambia linasainirana pangano la madola 354.8 miliyoni ndi bungwe la boma la America lochedwa Millennium Challenge Corporation, mwacidule MCC. Ndalamazi zinali mphatso, osati nkhongole. Panganoli linayamba kugwira nchito mu Novembala 2013 ndipo linatha mu Novembala 2018, pakuti lamulo la MCC ndi lakuti pangano likhale la zaka 5 cabe. Anakonza Iolanda, anaika mapaipi a madzi ndi a zonyansa m'makomboni monga Mtendere, anakonza maiwe a zonyansa a ku Kaunda Square, ndipo anamanga ngalande yaikulu ya Bombay yocotsa madzi a mvula mu mzinda.

Ciwerengero cimene cinamveka kwambiri ndi cakuti anthu 1.2 miliyoni adzapindula. Koma owerenga aone bwino: ciwerengeroci cinalengezedwa mu 2012, paipi ngakhale imodzi isanakwiriridwe. Cinali ciyembekezo ca akatswiri owerengetsera, osati kalembera wa anthu amene anapezeka akumwa madzi abwino. Kuyembekezera sikulakwa, pakuti mlimi nayenso pobzala amanena kuti munda uwu undipatsa matumba akuti. Kulakwa kumabwera pamene matumba oyembekezera aja alembedwa m'buku ngati matumba a m'nkhokwe. Pa nchito zambiri ndi mmene zimakhalira. Ciwerengero ca tsiku losainirana cimabwerezedwa pa tsiku lotsegulira, ndipo pakapita nthawi aliyense amacitenga ngati cinthu cotsimikizika.

Pamene panganoli linatha mu 2018, nchito zina, makamaka za ku Mtendere, zinali zisanathe, kotero kuti boma linakhazikitsa bungwe lapadera la Millennium Project Completion Agency kuti lizimalize. Cinanso ndi ici: cimodzi mwa zolinga zikuluzikulu cinali kucepetsa madzi otayika, ndiye kuti madzi amene kampani yayeretsa koma osalandirapo ndalama cifukwa ca mapaipi odontha, kuba madzi ndi mamita osagwira nchito. Nchitoyi isanayambe, pafupifupi theka la madzi a kampani ya Lusaka Water linkatayika motero. Malipoti a NWASCO, bungwe loyang'anira makampani a madzi, a zaka zotsatira 2018 anapitiriza kuonetsa kuti malita oposa 40 pa malita 100 alionse akutayikabe, pamene muyeso umene bungweli limaubvomereza ndi 25. Madzi atungidwa kuno, ayeretsedwa ndi mankhwala ogula, akankhidwa ndi malaiti mpaka ku Lusaka, koma mbali yaikulu siibweza ngakhale ngwee imodzi yokonzera makina.

Ulemu uperekedwe pamene uyenera. MCC ndi limodzi mwa mabungwe amene amalemba nchito ofufuza apadera, osakhala anchito ake, ndi kuika poyera zimene apeza, zokoma ndi zowawa zomwe. Bvuto ndi lakuti malipotiwo ali m'Cingerezi ca akatswiri, pa intaneti, ndipo masamba ake ndi oculuka. Cinthu cikhoza kukhala poyera koma osafikirika, monga cipatso ca pamwamba pa mtengo wautali.

Mu 2022 panatsegulidwa nchito ina yochedwa Kafue Bulk Water Supply, yowonjezera malita 50 miliyoni pa tsiku. Mtengo wake unali madola 150 miliyoni, ndipo zambiri mwa ndalamazi ndi nkhongole yocokera ku banki ya Exim ya ku China, imene adzabweze ndi nzika zonse, wa ku Shikoswe ndi wa ku Kabulonga cimodzimodzi. Nchito ziwirizi zinali za mzinda wa Lusaka, ndipo palibe anabisa zimenezo. Koma tauni ya Kafue ili m'manja mwa kampani imodzimodziyo, ndipo mai wa ku Zambia Compound kapena ku Nangongwe ali ndi muyeso wakewake. Iye sayeza ndi mamiliyoni a malita. Amayeza kuti pompi yatulutsa madzi maola angati lero, cigubu ca malita 20 cikugulidwa zingati, madziwo ndi oyera kapena ayi, ndipo mwana watsegula m'mimba kangati mwezi uno.

Muyeso wa mai uja ndiwo umatsala alendo atapita. Kolera inabuka ku Lusaka mu Okutobala 2017, nchito ya MCC ili mkati, ndipo inabukanso mwamphamvu mu Okutobala 2023, zaka 5 pangano litatha. Ulendo waciwiriwu anthu oposa 20,000 anadwala m'dziko lonse, oposa 700 anamwalira, bwalo la zamasewera la Heroes linasanduka cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegula mpaka Febuluwale 2024. Izi sizitanthauza kuti ndalama zija zinapita m'madzi, pakuti nchito imodzi singathetse kolera mu mzinda wa anthu oposa 2 miliyoni. Zimangotikumbutsa kuti kutalika kwa mapaipi ndi umoyo wa anthu ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo lipoti loona liyenera kuchula zonse ziwiri.

Zinthu zitatu zimene malipoti amasakaniza

Nchito iliyonse ya citukuko ili ndi zinthu zitatu zoyenera kuyezedwa. Coyamba ndi ndalama zimene zagwiritsidwa nchito. Caciwiri ndi zimene zagulidwa, zamangidwa kapena zagawidwa: madilawo, zimbudzi, mbuzi, mbeu, maphunziro. Cacitatu ndi kusintha kwa moyo wa munthu: kodi banja likudya kangati pa tsiku m'mwezi wa Febuluwale, kodi mtsikana watsiriza sukulu, kodi matenda acepa? Coyamba ndi caciwiri n'zosabvuta kuwerenga, cifukwa pali malisiti ndi zithunzi, ndipo zimapezeka nchito isanathe. Cacitatu cimafuna nthawi, ndalama ndi kubwereranso kumudzi pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, pamene ofesi ya nchitoyo inatsekedwa kale ndipo galimoto zinagulitsidwa. N'cifukwa cake malipoti ambiri amaima pa caciwiri n'kucipatsa dzina la cacitatu.

Taonani mmene ziwerengero zimapangidwira. Kawirikawiri dilawo limodzi amaliwerengera anthu 250. Bungwe likakumba madilawo 40, lipoti limati anthu 10,000 apeza madzi abwino. Palibe anawerenga anthuwo. Ndi masamu a pa tebulo. Komatu kafukufuku wa m'maiko ambiri a mu Africa wapeza kuti pa madilawo 5 alionse, pafupifupi limodzi limakhala lakufa pa nthawi ina iliyonse. Dilawo likafa, anthu 250 aja sacotsedwa m'lipoti. Amakhalabe opindula pa pepala pamene abwerera kale kumtsinje kumene kuli ng'ona.

N'cimodzimodzi ndi maphunziro. Pa wekishopu iliyonse pamayenda pepala losainapo maina, ndipo pepalalo ndilo limasanduka mau akuti alimi akuti aphunzitsidwa. Munthu mmodzi akapita ku maphunziro atatu akhoza kuwerengedwa katatu. Mlimi wotsogolera akaphunzitsidwa, ena amamuwerengera pamodzi ndi anzake amene akuyembekezeka kukawaphunzitsa, kaya anawaphunzitsa kaya ayi. Apa ifenso tisadziyeretse. Tikaona galimoto yoyera ikubwera timadziwa mayankho amene alendo afuna, ndipo timawapatsa omwewo poopa kuti tikanena zoona thandizo lidzapita kumudzi wina. Wofunsa afuna kusunga nchito yake, woyankha afuna kusunga mbeu ndi alawansi, ndipo onse awiri amagwirizana kulemba zinthu zokoma. Coonadi cimatsala pakati popanda mwini.

Zimene alimi adziwa kale

Alimi adziwa nkhani ya ulimi wa m'maenje, wosagaula munda wonse, umene bungwe la Conservation Farming Unit linayamba kulimbikitsa mu 1996 ndi thandizo la maiko monga Norway. Ulimiwu uli ndi ubwino wake, makamaka m'caka ca mvula yocepa, cifukwa maenje amasunga cinyezi ndipo mlimi amabzala ndi mvula yoyamba. Malipoti a mabungwe anachula alimi oculuka amene anautsatira. Koma akatswiri a bungwe la FAO atasanthula kalembera wa dziko lonse wa 2004 ndi wa 2008, amene anafunsa mabanja omwewo kawiri, anapeza kuti ambiri mwa amene ankalima motero mu 2004 anali atasiya pofika 2008. Alimi adziwa cifukwa cake: kukumba maenje m'nthaka youma ndi nchito yakalavula gaga, udzu umaculuka, ndipo ena ankacita pa kamunda kakang'ono ka m'mbali mwa mseu malinga mbeu ndi fataleza zaulere zikubwera. Lipoti lowerenga olowa koma osawerenga otuluka lili ngati m'busa wowerenga ana a ng'ombe obadwa koma osawerenga zakufa ndi denkete.

Kuno kwathu kuli nchito ya ulimi wothirira ku Chanyanya, imene inayamba ca mu 2008 ndi kampani ya InfraCo, yothandizidwa ndi maboma a ku Ulaya, ndipo pambuyo pake inakula n'kukhala nchito ya Chiansi. Maganizo ake ndi akuti alimi ang'onoang'ono aphatikize malo ao kudzera mu kopaletivu, mbali yaikulu ilimidwe ngati famu ya malonda ndi makina othirira oyenda mozungulira, ndipo eni malo azilandira gawo lao la ndalama pamodzi ndi madimba okhala ndi madzi caka conse. Mahekitala othiriridwa ndi kutalika kwa ngalande n'zosabvuta kulengeza. Koma mafunso a mwini malo ndi ena. Kodi banja lililonse lalandira zingati caka ndi caka, poyerekeza ndi zimene linkapeza likulima lokha? Kodi madzi amafika ku madimba a kumapeto? Kodi pa cilala ca 2024, pamene boma linalengeza tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale ndipo malaiti ankazima maola ambiri, mapampu anayenda masiku angati? Kodi amai amasiye ndi acinyamata ali ndi mau pa kagawidwe? Kufunsa izi si kunyoza nchitoyo. Ngati mayankho ali abwino, ndi umboni wamphamvu wopempherapo kuti ikulitsidwe.

Pamene muyeso unali woongoka

Zambia ili ndi citsanzo ca kayezedwe kabwino cimene maiko ena anaphunzirapo. Ndalama zothandizira mabanja obvutika zinayamba moyesa ku Kalomo mu 2003 ndi thandizo la Germany. Anthu ambiri ankakaika, akumati ndalama zaulere zidzathera ku mowa. Mu 2010 boma linayamba kupereka ndalama yocepa miyezi iwiri iliyonse kwa mabanja a ana ang'onoang'ono ku Kalabo, Kaputa ndi Shang'ombo, ndipo panali kafukufuku wa mabanja pafupifupi 2,500. Poyamba analemba mmene mabanja onse analili asanalandire kanthu. Kenaka madera anasankhidwa mwa maere, ena kuti ayambe kulandira, ena kuti adikire. Ofufuza a bungwe la American Institutes for Research anabwereranso kangapo kwa zaka 4 kukayerekeza magulu awiriwo. Cifukwa cakuti mvula, mitengo ya zinthu ndi matenda zinagwera magulu onse mofanana, kusiyana kumene kunaoneka kunali kocokera ku ndalamazo.

Anapeza kuti mabanja olandira ankadya bwino, anagula nkhuku ndi mbuzi, analima minda yokulirapo ndipo ena anayamba timalonda. Atawerengera pamodzi ndi nchito inzake ya ku Serenje ndi Luwingu, anapeza kuti pa K1 iliyonse imene banja linalandira, zimene linagula ndi kusunga zinakwera ndi pafupifupi K1.67, kusonyeza kuti ndalamazo zinabala zina. Koma ananenanso zowawa: kupinimbira kwa ana, kumene kunali cimodzi mwa zolinga zikuluzikulu, sikunasinthe kwenikweni. Wakutsina khutu ndi mnansi. Lipoti limene linabvomereza polephera ndilo linakhulupirika pa zimene linati zatheka, ndipo mu bajeti ya 2014 boma linakweza ndalama za nchitoyi kucoka pa K17.5 miliyoni kufika pa K150 miliyoni.

Lipoti limayenda kupita kumwamba

Maiko opereka thandizo ndi olandira anazindikira kale mabvutowa. Mu 2005, caka comwe Zambia inakhululukidwa nkhongole zambiri pansi pa ndondomeko ya HIPC, iwo anakumana ku Paris n'kulonjezana kuti dziko lolandira lizitsogolera, kuti nchito ziziyezedwa ndi zotsatira zake, ndiponso kuti mbali zonse ziwiri ziziyankha kwa inzake. Anaika zolinga 13 zoti zikwaniritsidwe pofika 2010. Bungwe la OECD litawerengera mu 2011, linapeza kuti cimodzi cokha ndico cinakwaniritsidwa. Ndipo ngakhale m'malonjezo amenewo, kuyankhana kunali makamaka pakati pa maboma ndi maboma. Munthu wa pa dilawo anatsala kunja kwa mpanda.

Zotsatira zake taziona. Mu Sepitembala 2018 maiko a Britain, Ireland, Finland ndi Sweden anaimitsa thandizo zitadziwika kuti madola oposa 4 miliyoni a mabanja obvutika aja sanafike kwa eni ake, ndipo nduna yoona za nchitoyi panthawiyo, mai Emerine Kabanshi, inacotsedwa pa udindo. Okalamba ndi olumala amene anakhala miyezi osalandira anadziwa za bvutoli kale kwambiri akazembe asanalankhule, koma panalibe njira yoti mau ao akwere mofulumira. Mu Meyi 2025 kazembe wa America, a Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lao lidula madola 50 miliyoni pa caka a mankhwala cifukwa ca kuba. Iwo anati pakati pa 2021 ndi 2023 anthu ao anayendera masitolo a mankhwala oposa 2,000 m'dziko muno ndi kupeza mankhwala obedwa akugulitsidwa ponseponse. Mabuku akhoza kuonetsa kuti makatoni anafika mosungira katundu, koma muyeso weniweni unali pa windo la kiliniki, pamene wodwala amauzidwa kuti kagule. Pa milandu iwiri yonseyi, cilango cinagwera wosauka kawiri: poyamba anaberedwa, kenaka thandizo linaimitsidwa.

Palinso phunziro lina la 2025. Pamene USAID inkatsekedwa, malo ake a pa intaneti osungirapo malipoti a zaka zambiri nawonso anatsekedwa. Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Ngati mbiri ya zimene zinacitika m'dera lathu imasungidwa ku Washington kapena ku London cabe, tsiku limene ofesi ya kumeneko yatsekedwa ifenso timaiwala zimene zinayesedwa, ndipo bungwe latsopano likabwera limayambanso pomwe linzake linapunthwa.

Tisataye mwana pamodzi ndi madzi ake

Kunena izi si kunena kuti thandizo lonse ndi lacabe. Kalembera wa zaumoyo wa 2001 mpaka 2002 anapeza kuti pa ana 1,000 obadwa amoyo, 168 ankamwalira asanakwanitse zaka 5. Kalembera wa 2018 anapeza 61. Katemera, maukonde ochinga udzudzu ndi mankhwala a ma ARV, amene anayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za boma mu 2005, zinathandiza kwambiri, ndipo zambiri zinagulidwa ndi ndalama za thandizo. Aliyense amene akumbukira maliro a tsiku ndi tsiku a m'zaka za m'ma 1990 safunikira kuuzidwa. Cimene citipangitsa kukhulupirira ziwerengero izi ndi cakuti zinatengedwa m'makomo mwa anthu, ndi mafunso omwewo caka cina ndi cinzake, ndipo ofunsa sanali eni nchito.

Tidziwenso kuti kuyeza bwino kumadya ndalama, ndipo si dilawo lililonse lingacitiridwe kafukufuku wa zaka 4. Wogwira nchito m'bungwe nayenso ali pa mpanipani: wopereka ndalama afuna ziwerengero miyezi itatu iliyonse, pamene mtengo wa mango subala m'miyezi itatu. Koma cimeneci ndico cifukwa cake eni dera ayenera kulowapo. Iwo ali pomwepo tsiku lililonse, ndipo kuona kwao sikulira ndalama ya mafuta kapena ya hotela.

Zimene parishi ndi kopaletivu zingacite

Mpingo uli ndi cizolowezi cimene mabungwe ambiri alibe: kusunga mabuku ndi kuwerenga lipoti la cuma pamaso pa anthu onse. Bungwe la JCTR la ansembe a Cijezuiti lakhala likulemba mitengo ya zofunika pa banja mwezi ndi mwezi kuyambira m'zaka za m'ma 1990, pongoyendera misika ndi kulemba mtengo wa ufa, kapenta, makala ndi sopo, ndipo ziwerengero zake zimachulidwa pa zokambirana za malipiro. NWASCO nayonso mu 2002 inayambitsa magulu a anthu odzipereka oyang'anira za madzi m'makomboni, pozindikira kuti lipoti la kampani palokha silikwanira. Njira yomweyo ingagwire nchito m'miphakati, m'magulu a amai ndi m'makopaletivu a ku Kafue.

Coyamba, nchito iliyonse ikabwera, atsogoleri afunse pa msonkhano woyamba zinthu zinai: ndalama zonse ndi zingati ndipo ndi mphatso kapena nkhongole, cidzasinthe n'ciani pa moyo wa banja, adzayeza ndani ndipo liti, ndiponso adzakonza ndani cinthuco cikaonongeka nchito itatha. Mayankho alembedwe m'buku la kopaletivu kapena la parishi, ndi tsiku lake.

Caciwiri, nchito isanayambe, lembani mmene zinthu zilili. Kope limodzi la sukulu likwanira. Pompi imatulutsa madzi maola angati, mabanja angati ali ndi cimanga cofika Januwale, munda uliwonse unatulutsa matumba angati, ana angati anasiya sukulu. Popanda poyambira, palibe angatsutse kapena kutsimikiza zimene zidzanenedwe pamapeto.

Cacitatu, pitirizani kulemba alendo atapita. Dilawo linafa liti ndipo linakhala masiku angati lisanakonzedwe, mwa mbuzi zogawidwa zatsala zingati, mwa ophunzitsidwa ndi angati akucitabe zimene anaphunzira. Lembaninso zabwino mosabisa, pakuti buku lolemba madandaulo okha nalonso ndi sikelo yokhota.

Cacinai, pemphani kuti lipoti lomaliza liwerengedwe pa msonkhano wa anthu onse, m'cinenero cimene anthu amva, lisanatumizidwe kunja, ndipo kope lake litsale ku khonsolo ya Kafue ndi kwa komiti ya citukuko ya wadi. Makomiti amenewa ali m'lamulo la maboma ang'onoang'ono la 2019, ndipo lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a boma linasainidwa mu Disembala 2023. Kufunsa pepala si cipongwe, lamulo lilola.

Muyeso womwewu ugwirenso nchito pa ndalama zathu. Thumba la CDF linakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022, ndipo lakhala likukwerabe m'zaka zotsatira. Kungakhale kupanda cilungamo kupanikiza mlendo ndi mafunso pamene khansala ndi kontilakita wa kwathu akuwerenga madesiki ndi nkhuku zogawidwa popanda wofunsa kuti zatsala zingati.

Mutu umodzi susenza denga. Akatswiri ali ndi luso lowerengetsera limene ife tilibe, ndipo ife tili ndi maso a tsiku ndi tsiku amene iwo alibe. Bungwe loona mtima lidzakondwera kupeza anthu osunga buku lao, cifukwa lidzakhala ndi umboni umene silikanatha kugula. Bungwe limene lidzakwiya poona bukulo lidzakhala latiuza kale zimene tinafuna kudziwa. Msonkhano wotsatira wa mphakati kapena wa kopaletivu usathe popanda kusankha anthu awiri, mai ndi bambo, osunga kope limeneli.